Nkhope za m'mbali m'mafilimu akale oseketsa a ku Britain

aNaphiri (Luton):
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yoti tikambirane, makamaka inu okonda mafilimu oseketsa a ku Britain a m'zaka za m'ma 1940 mpaka m'ma 1970. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo masana ambiri TV imakhala pa Talking Pictures TV, tchanelo yoonetsa zakale. Chandigwira mtima n'chakuti agogo aja sadikira mwini filimu ayi. Amadikira munthu wongotulukira mphindi ziwiri, kaya wapolisi, kaya mayi wogulitsa tiyi, kaya kalaliki wamagalasi, ndiye onse pamodzi amvekere "uyo wafika!" Maganizo anga ndi akuti mafilimu amenewa akuonedwabe lero chifukwa cha osewera am'mbaliwa kuposa akuluakulu olembedwa mayina pamwamba. Mukuti bwanji anzanga?

aBanda (Zomba):
Zikomo mayi poyambitsa nkhani imeneyi. Ine ndikugwirizana nanu, ndipo umboni wanga woyamba ndi The Ladykillers ya mu 1955, yopangidwa ku Ealing Studios kumadzulo kwa London. Taonani amuna amene ali mmenemo: Alec Guinness, Cecil Parker, Herbert Lom, Danny Green ndi Peter Sellers adakali wachinyamata. Onsewo akusewera mbava zisanu zimene zikuchita lendi chipinda m'nyumba yopendekeka pafupi ndi siteshoni ya King's Cross, zikunamizira kuti ndi oimba. Zimayatsa galamafoni m'chipindamo kuti mwini nyumba aziganiza kuti akuphunzira nyimbo, chonsecho akupangana zoba ndalama.

Koma funsani aliyense amene anaionera kuti akukumbukira ndani. Akuuzani kuti ndi gogo mwini nyumba, Mayi Wilberforce. Anasewera mbali imeneyi ndi Katie Johnson, wobadwa mu 1878, amene kwa zaka zambiri ankangopatsidwa timbali ting'onoting'ono. Gogoyu sakuwa, sagwa pansi, sapinda nkhope. Amangogogoda pachitseko atanyamula tiyi nthawi imene sakufunidwa, n'kulankhula mwaulemu wake womwewo. Akazindikira kuti alendo ake ndi mbava, amawadzudzula ngati ana, ndipo zimphona zija zimasowa pogwira. Zimapangana zomupha, palibe wolimba mtima, mapeto ake zimaphana zokhazokha. Katie Johnson anapata mphoto ya BAFTA, mphoto yaikulu ya mafilimu ku Britain, pa mbali imeneyi ali ndi zaka 77, ndipo anamwalira mu 1957. Munthu kudikira moyo wonse, mwayi n'kumupeza kumapeto kwenikweni. Nkhani yake imandikhudza kwambiri.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Madala, ndikupempha kutsutsako pang'ono. Ine ndinakulira Mr Bean wa m'mavidiyo sho, ndipo zakalezi ndaonako zochepa pa YouTube. Koma munthu amene akusewera wapolisi lero, wapolisi mawa, wapolisi mkuja, tinganene kuti ndi luso? Kwa ine luso ndi la Alec Guinness mu Kind Hearts and Coronets, munthu mmodzi kusewera anthu 8 a banja limodzi, mpaka mzimayi yemwe. Enawo ankangobweretsa nkhope imene anabadwa nayo.

aBanda (Zomba):
Mwana wanga, funso lako ndi labwino, ndipo za Guinness sindikukana. Filimu imeneyo ya mu 1949 anaigwira mwaukatswiri, ngakhale kuti katundu wolemera anasenza Dennis Price, amene anasewera wopha abale ake mmodzimmodzi kuti alowe ufumu wa banjalo. Koma ukaionanso, yang'anitsitsa poyambirira penipeni. Pali Miles Malleson, akusewera wonyonga akaidi. Nkhawa yake yonse ndi yoti adzamutchule bwanji mwaulemu mkaidi amene ali mfumu yaikulu, ndipo walembanso ndakatulo yoti amuwerengere asanamunyonge. Amaoneka mphindi zochepa chabe, koma akamachoka umakhala utamva kale mtundu wa nthabwala zimene zikubwera: imfa yokambidwa mwaulemu, palibe wokweza mawu. Iye ndiye amatsegula njira, Guinness n'kudzadutsamo.

Komanso uganizire kutalika kwa mafilimu amenewa. Ambiri sankapitirira ola limodzi ndi theka. Panalibe nthawi yofotokoza kuti uyu ndani, anachokera kuti. Richard Wattis akangotulukira ndi magalasi ake ndi kamwa yake yofinya, anthu ankadziwiratu kuti wafika munthu wa ku unduna, ndipo chilichonse chimene upemphe akana. Nkhope yodziwikayo inkagwira ntchito imene masamba angapo a nkhani akanagwira. Ndipo kubwereza mbali imodzi kwa zaka zambiri anthu osatopa nawe si chinthu chapafupi.

Mai a Tadala (Johannesburg):
Ndilowererepo abale anga, chifukwa mmodzi mwa anthu amenewa ndi wa konkuno. Sid James, amene Angelezi ambiri ankamuyesa mwana wa ku London weniweni, anabadwira ku Johannesburg mu 1913. Dzina lake lobadwa nalo linali Solomon Joel Cohen, ndipo asanayambe zisudzo ankagwira ntchito yokonza tsitsi. Anapita ku Britain mu 1946 nkhondo itatha. Ndikawauza anzanga akuno samakhulupirira.

Iye ndi chitsanzo chabwino cha zimene aBanda akunena. Nkhope yamakwinya, kuseka kwake kokhakhala kuja, ndipo ukangomva kusekako umadziwa kuti pali chinyengo chimene chikuphikidwa. Anayambira m'mbali. Mu The Lavender Hill Mob ya mu 1951 ndi mmodzi mwa mbava ziwiri zing'onozing'ono, mnzake ndi Alfie Bass, zimene Guinness ndi Stanley Holloway akuzilemba ganyu yothandiza kuba golide wa banki. Kenaka anadziwika pa wailesi ndi pa TV limodzi ndi Tony Hancock, n'kudzakhala mutu wa mndandanda wa mafilimu oseketsa otchedwa Carry On, mmene anaonekamo ka 19. Anamwalira mu 1976 atagwa pa siteji ku Sunderland Empire sewero lili mkati.

aNaphiri (Luton):
Amayi, za kuseka kwa Sid James mwanena zoona. Agogo ena kuno amakutsanzira mpaka kutsokomola.

aChisale (Glasgow):
Moni akuluakulu. Ine kuno ku Scotland ndinene za Alastair Sim, wobadwira ku Edinburgh mu 1900. Achimwene a ku Ndirande, ngati mukufuna munthu wosintha mbali, muoneni mu The Belles of St Trinian's ya mu 1954. Akusewera mphunzitsi wamkulu wamkazi wa sukulu ya atsikana osamva, Miss Fritton, komanso mchimwene wake wa mayiyo, wokonda njuga ya mahatchi. Chosangalatsa n'chakuti savutika kusintha mawu kuti amveke ngati mkazi. Amangovala diresi ndi mikanda, n'kugwetsa maso ake aakulu aja mwachisoni, basi iwe wakhulupirira. M'mbali mwake muli George Cole ngati Flash Harry, kamnyamata kogulitsa mowa umene atsikanawo amatcheza kusukulu, ndi Joyce Grenfell ngati wapolisi wamkazi wodzibisa. Ndipo munthu wa ku unduna wa maphunziro ndi Richard Wattis yemwe uja aBanda amutchula.

Ina imene ndimaikonda ndi Whisky Galore! ya mu 1949. Maziko ake ndi nkhani yoona: mu 1941 sitima yapamadzi yotchedwa SS Politician inagunda miyala pafupi ndi chilumba cha Eriskay itanyamula wisiki wambiri, anthu apachilumba n'kudzithandiza. Filimuyo anakaijambulira pa chilumba cha Barra. Mmenemo simungaloze munthu mmodzi kuti uyu ndiye mwini filimu. Mudzi wonse ndiwo ukusewera, kuyambira wa positi ofesi, dokotala, mpaka mayi wolusa wachipembedzo amene amatsekera mwana wake wamkulumkulu m'chipinda.

aBanda (Zomba):
Mwafika pa mfundo yaikulu aChisale. Ealing ya nthawi ya Michael Balcon, yemwe anali mkulu wake, inkakonda nkhani za gulu la anthu wamba likulimbana ndi akuluakulu. Passport to Pimlico, ya mu 1949 yomweyo, ndi nkhani ya anthu a dera lina la London amene apeza chikalata chakale chosonyeza kuti dera lawolo ndi la dziko lakale la Burgundy, ndiye malamulo a Britain sakuwakhudza. Muyenera kukumbukira kuti nthawi imeneyo chakudya chinali chogawidwa ndi makadi, ndipo zimenezi zinatha mu 1954. Anthu oonera anali otopa ndi mizere komanso mafomu. Kuona wogulitsa nsomba, wapolisi ndi wa sitolo akung'amba makadi aja kunali kuwapepuza mtima. Nkhani yotereyi singayende ndi katswiri mmodzi. Imafuna nkhope khumi kapena kuposa, iliyonse yokhulupirika.

Ndipo amene amabwera kudzatsimikiza chikalatacho ndi Margaret Rutherford, akusewera pulofesa wa mbiri yakale. Mayi ameneyu ndiye mfumukazi ya onse amene tikukambawa. Chibwano chake chokha chinkasewera. Sankadziona ngati woseketsa, mbali iliyonse ankaigwira ndi mtima wonse ngati nkhani ya maliro, ndipo n'chifukwa chake timaseka. Muoneni akukangana ndi Alastair Sim mu The Happiest Days of Your Life ya mu 1950, mmene unduna walakwitsa n'kutumiza sukulu ya atsikana kukakhala pa sukulu ya anyamata. Pambuyo pake anasewera Miss Marple, gogo wofufuza milandu, ndipo anapata Oscar pa The V.I.P.s ya mu 1963, filimu imene mayina aakulu anali Elizabeth Taylor ndi Richard Burton.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Chabwino madala, za gogo wa tiyi ndi pulofesayo ndamva. Koma ngati anali ofunika chotero, ankalipidwa bwino?

aNaphiri (Luton):
Achimwene, apa ndiye pamandiwawa. Titenge Carry On. Mafilimu onse alipo 31, kuyambira Carry On Sergeant mu 1958, ndipo onse anapangidwa ku situdiyo ya Pinewood ndi anthu awiri omwewo, Peter Rogers woyendetsa zachuma ndi Gerald Thomas wotsogolera kujambula. Ankajambula mofulumira, masabata ochepa filimu yatha, ndalama zochepa. Kenneth Williams anaoneka m'mafilimu 26, Joan Sims 24, Charles Hawtrey 23. Amuna otchuka ngati Williams ankalandira mapaundi pafupifupi 5,000 pa filimu, ndipo ndalamayo inakhala yomweyo kwa zaka zambiri. Akazi ankalandira zocheperapo. Mafilimuwo atayamba kubwerezedwa pa TV chaka ndi chaka, phindu silinkafika kwa osewerawo. Maganizo a Rogers anali akuti anthu amatsata dzina la Carry On, ndiye wosewera aliyense angathe kulowedwa m'malo. Hawtrey atakangana nawo pa nkhani ya pamene dzina lake lilembedwe, mu 1972, sanamuitanenso.

Koma nthawi inaonetsa kuti Rogers sanalondole. Sid James, Hattie Jacques ndi Hawtrey atachoka, mafilimu omaliza a m'ma 1970 sanayende. Atayesa kudzutsa dzinalo ndi Carry On Columbus mu 1992, Williams, Hawtrey, James ndi Jacques onse atamwalira, anthu sanaikonde. Dzina linalipo, nkhope zija kunalibe.

Mai a Tadala (Johannesburg):
Hattie Jacques amandimvetsa chisoni. Mayi waluso, wodziwa kuvina ndi kuimba, koma chifukwa cha thupi lake ankangomupatsa umetroni wa chipatala, nthabwala zambiri n'kukhala za kunenepa kwake. Komabe taonani mmene amayendera m'wodi mu Carry On Nurse ya mu 1959, manesi onse njenjenje. Aliyense amene anagonapo m'chipatala amamuzindikira. Anamwalira mu 1980 ali ndi zaka 58 zokha. Apa mnyamata wathu ali ndi mfundo: nkhope yodziwika inkabweretsa ntchito, koma inkatsekeranso munthu m'khola limodzi.

aTembo (Chipata):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndiyankhuleko. Palibe amene watchula Norman Wisdom. Iyeyo anali mwini filimu, kuyambira Trouble in Store mu 1953, ndi kajekete kake kothina ndi kapu yopindika. Anatchuka mpaka ku Albania, kumene boma la Enver Hoxha linkaletsa mafilimu ambiri akunja koma ake linkawalola. Koma muchotsereni Jerry Desmonde, bwana wamtali wonyada uja, kapena Edward Chapman amene ankasewera Mr Grimsdale, muone ngati kugwa kwake kungaseketse. Wopusa amafuna munthu wokhwima nkhope woti amukwiyitse. Ife tikudziwa zimenezi kuchokera kwa Izeki ndi Jakobo: mmodzi akamapotoza nkhani, mnzake amayenera kuigwira mwamphamvu ngati yoona, apo ayi nthabwala yagwa.

Zinali chimodzimodzi kale kwambiri ndi Will Hay. Mu Oh, Mr Porter! ya mu 1937 ndi mkulu wa kasiteshoni ka sitima koiwalika ku Ireland, ndipo ali ndi antchito awiri: nkhalamba yopanda mano, Moore Marriott, ndi mnyamata wonenepa wamwano, Graham Moffatt. Marriott anali ndi zaka za m'ma 50 chabe pamene ankasewera nkhalamba imeneyo. Hay anadzasiyana nawo awiriwa chifukwa sankafuna kudziwika ngati mmodzi mwa atatu, koma mafilimu amene anthu amawakumbukira kwambiri ndi omwe anali nawo limodzi.

aNangondo (Leeds):
Pepani akuluakulu, ndisokoneze chisangalalochi pang'ono, chifukwa pali mbali imene sitingaidumphe ife anthu akuda. Carry On Up the Jungle inatuluka mu 1970, patatha zaka 6 Malawi ndi Zambia atalandira ufulu. Mmenemo Bernard Bresslaw, mzungu, wapakidwa zakuda kumaso kuti asewere Mwafirika wolondolera azungu m'nkhalango, ndipo Afirika ena ambiri ndi onyamula katundu amantha kapena odya anthu. Mu Carry On Up the Khyber ya mu 1968, imene mbali zake zina zinajambulidwa kumapiri a Snowdonia ku Wales, Kenneth Williams ndi Bresslaw yemweyo akusewera anthu a ku India ndi Afghanistan. Peter Sellers naye anadzipaka kusewera Mmwenye kangapo. Ine ndinaonera ya m'nkhalangoyo ndili pantchito, m'chipinda chodzaza azungu okalamba akuseka, wakuda ndili ndekha. Sizinandikomere ngakhale pang'ono. Tikamayamikira nkhope zodziwika, tizifunsanso kuti nkhope zathu zinkaikidwa pati.

aBanda (Zomba):
Mayi, mwalankhula zoona ndipo palibe chozitchinjirizira. Ena amanena kuti Up the Khyber imanyoza kwambiri atsamunda eniakewo, makamaka pamene akupitiriza kudya mwaulemu nyumba ikuwagwera ndi mabomba. Zimenezo zilimo, koma sizifafaniza utoto wa kumaso uja. Njira yomweyo imene ndimaiyamikira, yoti nkhope ikangooneka anthu adziwiretu munthuyo, ikafika pa mtundu wa anthu imasanduka tsankho. Kalaliki wamagalasi ndi nthabwala yonena za ntchito. Mwafirika wamantha ndi bodza lonena za anthu onse a kontinenti.

Osewera akuda aluso analipo. Earl Cameron wa ku Bermuda anapatsidwa mbali yaikulu mu Pool of London mu 1951, ku Ealing komweko, ndipo anaigwira mwaulemerero. Koma imeneyo sinali filimu yoseketsa. M'gulu lija la nkhope zokondedwa, zobwerabwera chaka ndi chaka m'mafilimu a nthabwala, munthu wakuda sanapatsidwemo malo.

aNangondo (Leeds):
Zikomo bambo pondimvetsa. Sindikunena kuti tisiye kuonera zonse. The Ladykillers ndimaikonda, Margaret Rutherford ndimamukonda. Koma ana anga sindingawaikire ya m'nkhalangoyo popanda kukhala nawo pansi kaye.

aChisale (Glasgow):
Ndikugwirizana ndi achemwali. Ndibwererenso pa funso la malipiro lija, chifukwa nkhani ya Terry-Thomas imayenera kumveka. Bambo wa mpata pakati pa mano akutsogolo, masharubu, ndi ndudu ya pa kamtengo, wosewera njonda yachinyengo. Mu I'm All Right Jack ya mu 1959 ndi bwana woyang'anira antchito pafakitale, akulimbana ndi Peter Sellers amene akusewera Fred Kite, mtsogoleri wa bungwe la antchito. Sellers anapata BAFTA pamenepo, ndipo anayenera. Koma muonenso Irene Handl, mkazi wa Kite. Mwamuna wake atayambitsa sitalaka pafakitale, iye naye akunyanyala ntchito zapakhomo n'kuchoka ndi mwana wake wamkazi. Kite akutsala m'nyumba ya mbale zosatsuka, ndipo munthu amene akubwera kudzakhala naye pansi ndi mdani wake yemwe uja, Terry-Thomas. Pamenepo filimu imasiya kunyoza n'kuyamba kumvera anthu chisoni.

Terry-Thomas anafika mpaka ku Hollywood, koma mu 1971 anapezeka ndi matenda a Parkinson. Chuma chake chinathera ku matendawo, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ankakhala movutika m'kanyumba kothandizidwa ndi achifundo ku London. Anzake a zisudzo anachita chionetsero chomusonkhera ndalama mu 1989, ndipo anamwalira mu 1990. Ife amene timasamalira odwala matenda amenewa tikudziwa mmene amaumitsira nkhope. Kwa munthu amene ankadya ndi nkhope yake, zinali zowawa kawiri.

aNaphiri (Luton):
Mwandikumbutsanso Sam Kydd, aChisale. Iyeyo anaoneka m'mafilimu oposa 200, nthawi zina mawu awiri okha, lero woyendetsa takisi, mawa msilikali, mkuja woperekera zakudya. Mu I'm All Right Jack yomweyo alimo, ndi mmodzi mwa anzake a Kite. Pa nkhondo yachiwiri anagwidwa ndi asilikali a Germany mu 1940 n'kukhala mkaidi mpaka chakumapeto kwa nkhondoyo. Agogo akuno amachita mpikisano woti ndani ayambe kumuona.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Pa nkhani ya luso ndikadali kumbali ya Guinness, madala, musandikwiyire. Koma ndavomera kuti sindinkayang'ana kumbali. Bando yanga ndi yochepa, ndiye ndiuzeni ziwiri zokha zoti ndiyambire.

aBanda (Zomba):
Palibe chokwiyira mwana wanga. Yamba ndi The Ladykillers ya mu 1955, osati ya ku America ya mu 2004. Ndi yamitundu, ndipo Chingelezi chake n'chosavuta kumva. Ukafika pamene gogo uja akukangana ndi wogulitsa zipatso pamsewu chifukwa cha hatchi, dziwa kuti wogulitsayo ndi Frankie Howerd, ndipo woyendetsa takisi amene wasowa chochita ndi Kenneth Connor, yemwe pambuyo pake anadzakhala wa Carry On.

Mai a Tadala (Johannesburg):
Yachiwiri ikhale The Lavender Hill Mob, pakuti Guinness wakoyo ndiye mwini filimu, ndiye sudandaula. Amasungunula golide n'kupanga tizifanizo ta Eiffel Tower kuti adutse nato kupita ku France. Usaphethire poyambirira, mtsikana amene akulandira ndalama kwa Guinness m'lesitilanti ndi Audrey Hepburn asanatchuke. Kenaka umvetsere chifukwa chimene Sid James akukanira kupita nawo ku Paris kukatenga gawo lake: mkazi wake samulola. Ukamaliza ubwere utiuze ngati mbava ziwiri zijazi zinangobweretsa nkhope zobadwa nazo.